Ine Ndikweza, Iwe Utsitse

1. Mkono wobwereka

Tsiku limene anamuchotsa chikhakha kuchipatala, mnyamatayo anaukana mkono wake. Unatuluka wowonda ndi wotuwa, khungu likusupuka ngati la njoka. Ubweya wakuda unali utamera pomwe kale panalibe. Poufanizira ndi mkono wakumanja, unkaoneka ngati wobwereka kwa mwana wa sitandade wani.

Mlongo wake wamng'ono atauona anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Amayi, bwerani mudzaone! Achimwene awasinthanitsira mkono kuchipatala. Awapatsa kamkono!"

Dzinalo linamata ngati phula. Pofika Lolemba, sukulu yonse inkamutchula kuti Kamkono.

Iye anali goloboyi wa timu ya sukulu mpaka tsiku limene anawombana ndi mtengo wa golo n'kuthyoka fupa pansi pa chigongono. Tsopano pagolo panali mnyamata wina, ndipo mpikisano wa masukulu unali pafupi. Aphunzitsi a zamasewero sanamubisire mawu.

"Ndimakufuna, mwana wanga, koma golo sasungira munthu. Ukabwera ndi mkono umenewo, malo ako ndi pabenchi."

2. Chipinda cha mafizo

Chipinda cha mafizo, momwe amalimbitsira ziwalo za anthu amene akuchira, chinali kumapeto kwa khonde lalitali la chipatala. Munali mabedi aafupi, mipira ikuluikulu ya mphira, ndi zitsulo zogwirira anthu ophunziranso kuyenda. Pakona panaima mafupa a munthu apulasitiki, wina atawaveka chipewa chaubweya.

Amayi a mafizo anali munthu wamfupi, wa imvi za m'mbali, wa manja olimba ngati a mmisiri. Anaugwira mkono wa Kamkono, anaupinda, anauwongola, kenako anamupatsa botolo la madzi.

"Kweza mpaka paphewa. Ehe. Tsopano ima pakati, usasunthe. Tsopano tsitsa pang'onopang'ono. Wamva chiyani?"

"Kukweza n'kovuta. Kutsitsa n'kophweka."

"Ndimadziwa kuti unena choncho. Aliyense amatero. Khala pansi, ndikuuze, ndipo makutu akowo asakhale zogwirira mutu.

"Mnofu uli ngati chingwe chamoyo. Ukamakweza botolo, chingwecho chimafupika n'kukoka fupa. Ndi ntchito imene aliyense amaiona, ndiye imene anyamata mumaikonda. Ukaima pakati osasuntha, chingwe chimalimba koma sichifupika, sichitalika. Woona amati sukuchita kanthu, chonsecho mnofu uli pantchito. Iweyo uyambira pamenepo. Ukapita kunyumba, uzikankha khoma ndi chikhatho, uzifinya thaulo, uzigwira botolo osaligwedeza. Tikaona kuti mkono wavomera, tidzayamba kukweza zopepuka.

"Koma pali ntchito ina, ya potsitsa. Potsitsa katundu, mnofu umatalika uku ukukana, ngati munthu amene akutsetsereka ndi wilibala yodzaza. Ntchito imeneyi ndi mankhwala abwino kwambiri, ndipo nthawi yake ikadzakwana ndidzakupatsa ndekha, pang'onopang'ono. Koma ndi yachinyengo. Mnofu umatha kutsitsa katundu amene sungathe kumukweza. Ndiye munthu amanyengeka, amati ndili ndi mphamvu. Samva kupweteka nthawi yomweyo. Chonsecho m'katimo tizingwe tating'onoting'ono tikuduka, kamodzikamodzi, mwakachetechete. Ululu umabwera mawa kapena mkuja, zinthu zitaonongeka kale. Ndiye mnofu wako wakhala ukugona m'chikhakha nthawi yonseyi. Munthu wogona samudzutsa pomusenzetsa thumba la simenti."

Kamkono anayang'ana khoma limene anamuuza kuti azikankha.

"Ndiye ndidzachira liti? Mpikisano ukubwera."

"Mpikisano udzabweranso chaka chamawa. Mkono subwera kawiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mnyamatayo anathokoza mwaulemu, koma mumtima mwake munalibe zikomo.

3. Kuseri kwa msika

Anakankha khoma kwa masiku angapo. Mlongo wake ankaima pakhomo n'kumafunsa ngati akufuna kuti nyumba isunthire kwa aneba. Mkono sunasinthe.

Tsiku lina poweruka, mnzake wina wa m'timu anamukodola. Ankamutcha Ndege chifukwa cha liwiro lake. Ndege anakwinya malaya n'kumuonetsa mkono.

"Waona katundu ameneyu, aise? Si wokankha khoma ameneyu. Tiye ukaonane ndi a Kochi. Amakonza anthu ngati njinga."

"Amayi a mafizo anandiletsa zitsulo."

"Iwo aja amathandiza agogo ofa ziwalo. Iwe ndiwe agogo? Tiye. Leronso ine akundiyambitsa za miyendo."

Kamkono anaima pamphambano. Njira ina inkapita kwawo, ina kumsika. Anayang'ana mkono wake, kenako wa Ndege. Anatsatira Ndege.

Anadutsa pakati pa ogulitsa makala ndi okonza mawailesi, n'kulowa m'kanjira kopapatiza kuseri kwa msika. Kumapeto kwake kunali nyumba imene kale inali butchala. Mawindo anawakhoma ndi malata. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma atangolowa, Kamkono anamva kuzizira kukukwera m'miyendo.

Makoma anali a matailosi oyera, ena osweka. Kudenga kunkalendewera mbedza zokolekera nyama, zadzimbiri, zikugwedezeka pang'ono ngakhale munalibe mphepo. Pansi panali kangalande kopita pabowo lapakati, momwe kale munkadutsa madzi otsukira. Fungo la nyama linali lisanatheretu. Kumapeto kunali chitseko chachitsulo chokhuthala cha chipinda chozizira chimene ankasungiramo nyama, chokiya ndi loko wamkulu wadzimbiri.

Munali anyamata angapo akunyamula zitsulo, zina zochokera ku magalimoto, zina za simenti youmbira m'zitini. Chodabwitsa n'chakuti panalibe woyankhula. Panalibe nyimbo, panalibe kuseka. Kunkangomveka kupuma ndi kulira kwa zitsulo.

"Wandibweretsera mlendo."

Mawuwo anamveka kumbuyo kwawo. Kamkono sanamve kuti munthuyo wafika nthawi yanji. A Kochi anali bambo wamtali, wachifuwa chotakata, koma mawu awo anali ofewa ngati a munthu wotonthoza mwana. Anagwira mkono wowondawo n'kuutembenuza uku ndi uku, momwe amachitira munthu wosankha nyama.

"Anakuuza kuti uzikankha khoma, eti?"

"Mwadziwa bwanji?"

A Kochi anamwetulira. Anakwinya malaya a mkono wakumanja. Kamkono anabwerera m'mbuyo. Mnofu wa mkonowo sunali pamalo pake. Unali utakhwinyata n'kukwera kufupi ndi phewa ngati mbewa yobisala pansi pa khungu, ndipo pamwamba pa chigongono panali dzenje.

"Mtsempha unaduka ndili pachimake. Nanenso anandiuza za khoma. Ndinawamvera, taona mmene ndilili. Achipatala amakonda munthu wodwala, chifukwa akachira ntchito yawo yatha. Kuno timachita zachidule."

4. Njira yachidule

A Kochi anamuimika pansi pa mbedza n'kumuikira m'manja chitsulo chachitali chokhala ndi simenti uku ndi uku. Kamkono anayesa kuchikweza. Sichinasunthe.

"Sindingathe."

"Ndani wati ukweze? Ine ndikweza, iwe utsitse."

A Kochi anakweza chitsulocho mpaka paphewa pa mnyamatayo, n'kuchisiya. Chitsulo chinayamba kutsika. Kamkono analimbana nacho, mikono yonse iwiri ikunjenjemera, mpaka chinafika m'ntchafu. Anadabwa. Anatsitsa yekha katundu amene samatha n'kumusuntha komwe!

"Waona? Mphamvu unali nazo. Anangokubisira. Tiyenso."

Mawu a amayi a mafizo anamubwerera, koma ankamveka kutali, ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Ululu panalibe. Kunali kutentha kokoma m'mikono.

"Ine ndikweza, iwe utsitse."

Anatsitsa. A Kochi anakweza. Anatsitsanso. Thukuta linkagwera m'kangalande kaja. Mnyamatayo anasiya kuwerenga. Anapempha madzi, koma a Kochi anapukusa mutu.

"Madzi amafewetsa mnofu. Ukamwa kwanu."

Chakumbali, Ndege anali atasenza chitsulo chachikulu pamapewa. Anyamata awiri ankamudzutsa, iye n'kumatsika yekha mpaka kunjuta. Miyendo yake inkagwedezeka ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, koma anamutsinzinira diso Kamkono.

Pomaliza, zala za Kamkono zinatseguka zokha. Chitsulo chinagwa n'kuswa tailosi. Anyamata onse anatembenuka n'kumuyang'ana nthawi imodzi, kenako anabwerera ku zitsulo zawo.

A Kochi anamuperekeza mpaka pakhomo, dzanja lili pakhosi pake.

"Mawa upweteka. Usaope, ndi ulesi ukutuluka m'thupi. Koma za muno zimathera muno. Wokauza amayi ake si mwamuna, ndipo sabwereranso."

Panja, dzuwa linamuthobwa m'maso. Anaona kuti mikono yake yafufuma, ngakhale wowonda uja. Anapita kwawo akuimba mluzu.

5. Thupi liyankha

M'mawa mwake anadzuka mikono itapindika. Anayesa kuiwongola, koma inakana, ngati wina waimanga ndi waya m'zigongono. Kusukulu analemba movutika. Ndege sanabwere, ndipo anzake anati mwina wajomba monga mwa masiku onse.

Tsiku lotsatira zinthu zinaipa. Mikono inatupa kuyambira paphewa mpaka m'zala, yolimba ngati mtengo, yotentha. Mutu unkawawa, mseru uli pakhosi. Atapita kukataya madzi m'mawa, anaima n'kuyang'anitsitsa. Mkodzo unali wochepa, ndipo unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Anathira madzi msangamsanga kuti wina asaone.

Amayi ake anali telala, ndipo ankasokera pakhonde. Kamkono anavala juzi ya manja aatali ngakhale kunkatentha, n'kukhala patebulo. Anayesa kunyamula kapu. Dzanja linafika pakati n'kuima. Anaweramitsa mutu kuti pakamwa patsatire kapu.

Mlongo wake anayamba kuseka, koma anasiya ataona nkhope yake.

Makina osokera anasiya kulira. Amayi ake anaima pakhomo, tepi ili m'khosi.

"Iwe, ukumwa ngati nkhuku bwanji? Juziyo ndi ya chiyani kukutentha chonchi?"

"Ndikumva kuzizira basi."

"Ndinakubereka ndine. Ndimadziwa bodza lako lisanatuluke m'kamwa. Tamvera, mwana wanga. Ine sindinaphunzire za thupi, koma nsalu ndimaidziwa. Ikang'ambika pang'ono n'kubwera nayo msanga, ndimasoka osaoneka n'komwe. Koma anthu amabisa. Amaphimba ndi jekete, amamanga ndi pini, mpaka chibowo chifike poti ngakhale ine sindingachithe. Ndiye amabwera akulira, ati amayi tithandizeni. Munthu amene amakuuza kuti ubise chinthu kwa mayi ako, dziwa kuti akudziteteza yekha, osati iwe. Sindikumenya. Sindikukalipira. Ndingofuna ndione."

Kamkono anakumbukira zimene a Kochi ananena. Akanena, ndiye kuti kwa a Kochi kwatha, ndipo anyamata adzamutcha mwana wa amayi. Anayang'ana zala zake zotupa zimene sizinkathanso kugwira kapu.

"Ndivuleni juziyi, amayi. Ndekha sindingathe."

Ataona mikonoyo, amayi ake anagwira pakamwa. Atamva za mkodzo, sanafunsenso zambiri. Anavula tepi, anatseka makina, n'kutuma mlongo wake kuti athamange kukaitana wa njinga yamoto.

6. M'wodi

Adokotala atayeza magazi ndi mkodzo, anamugoneka nthawi yomweyo n'kumuika diripi. Anawafotokozera amayi ake kuti minofu inaphwanyika kwambiri m'kati, ndipo zinyenyeswa zake zinalowa m'magazi n'kuyamba kutseka impso.

"Chakuda anachiona mumkodzo chija si magazi, ndi mnofu wake. Mwachita bwino kubwera lero. Mukanachedwa, tikanakamba zina."

Masana amayi a mafizo anabwera kudzamuona. Kamkono anatembenukira kukhoma ndi manyazi. Iwo anakoka mpando n'kukhala.

"Sindinabwere kudzakuseka. Ndinali mwana nanenso. Koma ndikufunse: amene anakuchita izi anakweza yekha chitsulo, iwe n'kumatsitsa?"

Kamkono anagwedeza mutu movomera.

"Ndinadziwa. Si iwe woyamba kugona pabedi limenelo ndi mikono yotero, koma aliyense amatseka pakamwa, ati anagwa, ati ananyamula matumba. Tamvera. Chitsulo si mdani. Kutsitsa si mdani. Ochita masewero enieni amatsitsa zolemera, koma atakonzekera miyezi, akumwa madzi, akupumula, wina wodziwa akuwayang'anira. Mankhwala omwewo amene amachiza ukamwa supuni, amapha ukamwa botolo lonse. Uchira, ndipo tidzayambiranso pakhoma pomwe paja. Koma ukafuna kuti mwana wina asadzagone pano, udzandiuze malowo. Sindikukakamiza. Ndili kuchipinda kwanga mpaka madzulo."

Anamusisita pamutu n'kutuluka. Amayi a Kamkono nawonso anatsikira kukagula madzi akumwa, chifukwa adokotala anati azimwa kwambiri.

Inali nthawi yoona odwala. M'wodi munali phokoso la abale, mabeseni ndi mapemphero. Kamkono anatseka maso. Kenako anamva kuzizira pang'ono, ndi fungo limene analidziwa.

Atatsegula maso, a Kochi anali ataima pambali pa bedi, atakoka katani kumbuyo kwawo. Maso awo anali ofiira ngati a munthu amene sanagone. Sanamwetulire.

"Wawauza?"

"Ayi."

"Ndiwe mwamuna." Anayang'ana botolo la diripi kwa nthawi yaitali. "Madzi amenewa ndi amene akukuchiza? Amagulitsa kuti? Munthu angathe kumuika yekha kunyumba?"

"Sindikudziwa. Mukufunsiranji?"

A Kochi anaweramira pafupi. Mawu awo anali ofewa monga kale.

"Mnzako uja. Tsiku lija sanathe kuimirira. Ndinati agone pang'ono, miyendo imasuke. Kwawo kulibe munthu, amalume ake ali paulendo ndi thiraki, ndiye ndinamusunga. Ndimamupatsa chakudya. Koma kuyambira dzulo sakutaya madzi, ndipo lero akuyankhula zosamveka. Akuitana anthu amene palibe."

Kamkono anazindikira kuti akunena za Ndege.

"Ndege ali kuti?"

"Ndikamubweretsa kuno andimanga. Iwe ndiwe mnzake. Ufunse mochenjera za madziwa, usatchule dzina langa."

"Ali kuti, a Kochi?"

Bamboyo anaweramuka n'kuyang'ana kukatani. Kamkono anayesa kudzuka, koma mikono inakana kumunyamula. Ndiye anachita chimene chinatsala. Anakoka mpweya n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Anesi! Anesi, thandizeni! Itanani amayi a mafizo!"

Anthu onse m'wodi anatembenuka. Kunamveka mapazi akuthamanga. Namwino anakoka katani mwamphamvu.

"Chavuta n'chiyani? Diripi yatuluka?"

Pambali pa bedi panalibe munthu. Chitseko cha kumapeto kwa wodi chinali chikugwedezeka chokha.

"Panali bambo pano," anatero Kamkono. "Wamtali. Mnzanga akufa. Ndikudziwa malo ake, ndikuuzani zonse."

Namwino anayang'ana uku ndi uku, kenako maso ake anagwera pabulangete.

"Nanga ichi n'chako?"

Pamiyendo pa Kamkono panali kiyi wamkulu wadzimbiri, womangidwa pa chingwe chonona mafuta. Kamkono anakumbukira chitseko chachitsulo chija cha m'butchala. Namwino ataunyamula anautaya pansi msanga n'kupukuta dzanja pa yunifolomu. Unali wozizira ngati wochokera mu ayezi.